Wokwatira angalowe West Point? Yankho kwa achimwene a ku Ndirande

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wapabanja angatengedwe kusukulu ya usilikali ngati West Point ku America. Ayi ndithu, kumeneko salola. West Point, Naval Academy ya ku Annapolis komanso Air Force Academy onse amafuna munthu wosakwatira, wopanda mwana amene akumusamalira, wa zaka 17 koma asanakwanitse 23 pofika pa 1 July chaka cholowacho. Ndipo umakhala choncho zaka 4 zonse, ukwati umadikira graduation, nchifukwa chake ambiri amamanga ukwati akangomaliza kumene. Komanso ife akunja sitimangolemba tokha, boma lathu ndi limene limapereka dzina.

Koma musataye mtima, si kulikonse. Ku Sandhurst ku UK okwatira amalowa, kozi yake ndi masabata 44, kungoti mayi akunyumba muziwaona mwa apo ndi apo basi.

Za kwathu kuno ku MAFCO ku Salima, dikirani advert ya MDF ikatuluka muwerenge bwinobwino mzere wa zaka ndi wa banja. Chonde musabise kuti muli pabanja, zikadziwika mutalowa kale amakubwezani ndipo alamu athuwo avutika pachabe.