Mwana Wanga Wapatsidwa Ntchito ya Nkhondo Yapachiweniweni ya ku America

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wauzidwa kusukulu kuti alembe chimene chinayambitsa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Waloweza zaka ndi mayina a akuluakulu a asilikali, koma ndikamufunsa kuti ankalimbirana chiyani, amangondiyang'ana. Ineyo mbiri imeneyi sindinaiphunzire. Ndimuthandize bwanji? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Amayi, mayina a asilikaliwo ayambe wawaika pambali. Aphunzitsi afunsa gwero, ndipo gwerolo linayamba kale mizinga isanalire pa Fort Sumter, linga la asilikali ku South Carolina kumene nkhondoyi inayambira, pa 12 Epulo 1861.

Pezani mapu a United States, ngakhale a pafoni. Mulozereni kummwera: kumeneko chuma chinali thonje, olima ake anali akapolo. Kalembera wa 1860 anapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Zigawo zakumpoto zinali zitathetsa ukapolo. Kenako chala chanu chipite kumadzulo, poti mkangano weniweni unagona kumeneko. Dzikoli linkakula, ndipo chigawo chatsopano chilichonse chinkalandira mipando iwiri ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo. Ndiye chigawo chatsopanocho chilole ukapolo kapena chikane? Mbali yochuluka mipando ndiyo ikanapanga malamulo. Mwana akagwira mfundo imeneyi, zaka zimene walowezazo ziyamba kumveka.

Mu 1820 anagwirizana kuti Missouri ilowe ndi ukapolo, Maine ilowe yopanda, n'kudula mzere pamapu woletsa ukapolo m'madera atsopano a kumpoto kwa mzerewo. Chinali chigamba pansalu yakutha. Lamulo la Kansas-Nebraska la 1854 linafafaniza mzerewo n'kusiyira anthu a m'deralo kuti avote okha, ndipo ku Kansas anthu anaphana. Mu 1857, pamlandu wa kapolo wina dzina lake Dred Scott, bwalo lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Apa musathamangirepo, mufunseni mwanayo mmene chigamulocho chikanamupwetekera atakhala Scott.

Abraham Lincoln anapambana chisankho cha pulezidenti mu Novembala 1860. Ana ambiri amalemba kuti iyeyu analonjeza kumasula akapolo onse. Ayi. Analonjeza kuti ukapolo usafalikire kumadera atsopano. Chikalata chomasula akapolo a m'zigawo zimene zinapandukira boma chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 1863, nkhondo ili mkati. Koma eni akapolo anaona kuti ukapolo ukasiya kufalikira, mphamvu zawo zithera pomwepo. Chigawo cha South Carolina chinadzipatula ku United States pa 20 Disembala 1860, ndipo zigawo zonse zimene zinachoka zinakwana 11.

Pa intaneti mwanayo akumana ndi onena kuti nkhaniyi sinali ya ukapolo koma ya ufulu wa zigawo wodzilamulira. Ine mfundo imeneyo sindiigula. Amufunse wonenayo kuti ufulu wochita chiyani. Zigawo zina zinalemba zokha zifukwa zimene zinachokera, ndipo chikalata cha Mississippi chimatchula ukapolo m'mizere yoyambirira. Misonkho ya katundu wolowa m'dziko inalidi ndi mkangano wake, angaitchule, koma isakhale mutu wa nkhani.

Asanalembe chilichonse, akufotokozereni pakamwa buku lili chitsekere. Funso lomuyesera ndi ili: Lincoln analumbira mu Malichi 1861, nanga zigawo 7 zinachokeranji iye asanakhale n'komwe pampando?