Funsani Azakhali: Ndikufuna kusiya mowa, koma ndekha zikundikanika

Azakhali,
Ndine bambo wa ana atatu, kalipentala ku Chinamwali. Ndinayamba ndi masacheti ndili mnyamata, lero ndi kachasu. M'mawa manja amanjenjemera moti sindingakhome msomali mpaka nditalawako. Ndalumbira pamaso pa mayi akunyumba ndi abusa, koma ndikangolandira ya ntchito, ndabwerera komweko. Ndinamva kuti kuli magulu a anthu osiya mowa. Ndingawapeze bwanji kuno ku Zomba, ndipo kumachitika zotani? Ndikuopanso kuti anthu azindinena.
Wotopa, Chinamwali

Achimwene,
Tiyambe ndi manjawo, za gulu zibwera pambuyo. Kunjenjemera kwa m'mawa kukusonyeza kuti thupi lanu linazolowera mowa, ndiye musausiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Munthu wofika pamenepo akangodula, pakatha maola 6 mpaka 24 amayamba thukuta, nseru ndi kusowa tulo. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amakomoka ngati a khunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe, ndipo ena amafa nazo. Abale akaona zimenezi amathamangira kunena kuti walodzedwa, chonsecho ndi matenda oti kuchipatala amathana nawo. Pitani ku Matawale kapena ku Zomba Central, mukanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa patsiku, osachepetsa. Pali mankhwala a masiku ochepa okhazika thupi pansi, komanso vitamini B1 amene mowa umamaliza m'thupi.

Ulendo womwewo mukafunsirenso za gulu. Nenani kuti mukufuna kuonana ndi namwino woona za matenda a maganizo, mumufunse mosabisa kuti, "Anthu osiya mowa amakumana kuti, tsiku lanji?" Inu a ku Zomba muli ndi mwayi, chifukwa Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, chili kwanu komweko. Ndikudziwa kuti dzina lokhalo limathawitsa anthu, koma kumeneko amathandizanso amene mowa ndi chamba zawagwira, ndipo kukafunsa sikugonekedwa. Achipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amagwira ntchito yomweyi. Funsaninso abusa anu aja, ansembe kapena mashehe, chifukwa magulu otere sakhala ndi nyumba yawoyawo: amabwereka kalasi kapena kachipinda ka kutchalitchi, ndipo kawirikawiri sakhoma chikwangwani.

Ambiri mwa maguluwa amatsata njira ya Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Inayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinaona kuti zikamakambirana zokhazokha zimatha kukhala osamwa. Mfundo yake ikadali yomweyo. Mumakhala mozungulira kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, aliyense amatchula dzina loyamba lokha, n'kufotokoza zake. Wina anena mmene anagulitsira malata a nyumba yake, wina anena kuti dzulo anadutsa pa shabini osalowa. Palibe wodula mnzake pakamwa, palibe wolalikira. Tsiku loyamba mutha kungomvetsera. Palibe ndalama yolowera. Kambale kakadutsa ndi ka tiyi kapena ka chipinda, woponya aponye. Choyenereza munthu kukhala membala n'chimodzi basi, kufuna kusiya kumwa. Ali ndi mfundo 12 zotsatira posiya mowa, zotchedwa masitepe, zimene zimatchula Mulungu, koma si mpingo, ndipo Mkhristu ndi Msilamu amakhalira limodzi.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri n'choti sakulumbiritsani za moyo wonse. Malumbiro mwayesa kale, mwaona pomwe amathera. Iwo amati lero lokha musamwe, mawa tidzaona mawa. Mukazolowerana nawo mumasankha mmodzi amene wakhalitsa osamwa kuti azikuyang'anirani. Tengani nambala yake. Ameneyo ndiye womuimbira kasitomala akangokupatsani ndalama ya kabati, mmero utayamba kale kuuma. Abusa amakukondani, koma amene anamwapo yekha amadziwa mabodza onse amene mumadzinamiza nthawi imeneyo, ndipo simungamupusitse. Mukaterereka n'kumwanso, musathawe gulu chifukwa cha manyazi. Amene ali m'menemo ambiri zinawachitikirapo.

Gulu likapezeka kutali, musadikire. Mwambo wa AA umati awiri kapena atatu ofuna kusiya akakumana, limenelo ndi gulu kale. Pemphani namwino uja akulumikizeni ndi ena amene anadutsa m'manja mwake ngati iwowo avomera, mugwirizane tsiku ndi malo osasinthasintha. Mayi akunyumba nawonso atopa. Kwa mabanja kuli Al-Anon, magulu a abale a anthu ovutika ndi mowa, imene inayamba mu 1951, ndipo angachite chimodzimodzi ndi amayi anzawo.

Zoti anthu azikunenani, pepani achimwene, a ku Chinamwali anakuonani kale mukudzandira mumsewu ndipo ananena kale. Za m'gulu zimathera m'gulu momwemo, ndipo mukapezamo munthu womudziwa, nayenso wabwera ndi vuto lomwelo. Pakadali pano, auzeni makasitomala kuti malipiro azitumiza pa foni ya mayi, pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo Lolemba mulawirire kuchipatala mayiwo atakuperekezani.
Azakhali