Bondi ya zaka zitatu ndi ulendo wa ku UK

Namwino wina amene wangomaliza maphunziro wandilembera mtima uli m'mwamba. Chipatala china cha mishoni chinamulipirira fizi, iye n'kusaina bondi yoti adzagwira ntchito kumeneko zaka zitatu, ndipo akachoka nthawi isanakwane adzabweze ndalamazo kuwirikiza kawiri. Pano makolo akumukakamiza athawire ku UK, ati bondi ndi pepala chabe. Makalata otere sandisowa chaka chilichonse.

Mchemwali wanga, ngongole ndi ngongole. Fizi, chakudya ndi malo ogona amene chipatala chinakulipirirani, chili ndi ufulu wozifuna kukhoti, ndipo pamenepo simungapambane. Pomwe mungalimbe ndi pa mawu oti "kawiri". Makhoti athu amatsata mfundo imene inakhazikika ku England m'chaka cha 1915, yoti ndalama yolembedwa m'pangano pongofuna kuopseza munthu, yoposa kwambiri zomwe mnzake angataye, ndi chilango ndipo khoti likhoza kuikana. Komabe woweruza ndiye amagamula zimenezo, osati bambo anu pakhonde. Palibe angakugwiritseni ntchito mokakamiza, ndipo chipatala sichingabwere chokha kudzanyamula katundu kwanu popanda chigamulo cha khoti. Tengani pepalalo mupite nalo ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, akakuwerengereni ndime ndi ndime.

Inu makolo, ndikukudandaulani. Pamene mwana ankasowa fizi munavina kuti Mulungu wayankha. Lero mukumutuma akalume dzanja lomwe linamudyetsa chifukwa mwamva kuti mwana wa aneba akutumiza mapaundi. Kodi pa bondipo anasaina ngati mboni yomuimira si m'modzi wa inu? Akathawa, samani ikhoza kufika pakhomo panu.

Za ku UK nazonso tisanamizane. Malawi ali pa mndandanda wa 2023 wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho mabwana a ku UK saloledwa kudzasaka anamwino kuno, mumadzifunsira nokha. Bungwe la anamwino la kumeneko limafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta, mayeso oonetsa luso la ntchito otchedwa OSCE amene mumakalembera komweko, ndi umboni wochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Wokulembani ntchito adzafunanso kalata ya komwe munkagwira. Mudzaipempha kwa yani mutachoka usiku?

Ine ndikuti gwirani zaka zitatuzo. Pa chipatala cha kumudzi mudzachiritsa amayi oyembekezera pakati pa usiku dokotala ali kutali, mudzaika madiripi pa timanja ta makanda mpaka dzanja litazolowera, zinthu zomwe kalasi siphunzitsa. Mwezi uliwonse muziikako pang'ono pambali za mayeso a Chingerezi. Ngati mtima wakanitsitsa, lembani kalata kwa akulu a chipatala, pemphani akuchotsereni miyezi yomwe mwagwira kale, ndipo yotsalayo mugwirizane kubweza pang'onopang'ono, zonse zolembedwa ndi kusainidwa. Poti munafunsa musanathawe, ndikukhulupirira kuti mukwanitsa.