Mawaya awiri a pa mita ya madziwo musathamangire kuwalumikiza

Achimwene, ndaona chithunzi cha mita ya madzi chimene mwaika m'gulu lino, mukufuna kuiwerenga ndi Arduino, kabolodi kakang'ono ka kompyuta. Mawaya awiri amene akutuluka pa mita yanuwo musawalumikize ku Arduino lero, chonde. Yambani mwapukuta nkhope ya mitayo muwerenge zimene zalembedwapo. Ndaona ena pansipa akukuuzani kuti mungowaika pa pin, polumikizira mawaya pa bolodiyo, muyambe kuwerenga ma pulse, ndipo mtima wanga wagunda, chifukwa nkhani ya mawaya amenewa inandichotsera munthu wosalakwa pakhomo panga ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo mpaka lero ndikamuona pamsika ndimasowa poyang'ana.

Mawaya awiri satanthauza chinthu chimodzi. Ngati pa mita palembedwa zonga 1 imp = 10 L, imeneyo ndi ya pulse, mkati muli ka switch kamene kamatsekedwa ndi maginito nthawi iliyonse malita 10 akadutsa, ndipo imeneyo Arduino ingawerenge. Koma mukaona mawu akuti M-Bus kapena EN 13757, iwalani za pin. Mita yotere siyankhula yokha, imadikira kufunsidwa, ndipo wofunsayo, amene amamutcha master, amaika magetsi a mavoti (volts) pafupifupi 36 pa mawayawo, n'kumatsitsa kufika pa 24 akamatumiza funso. Mita imayankha posintha mphamvu imene ikukoka pa waya. Arduino yanu ya mavoti 5 singamve kalikonse, ndipo tsiku limene mudzagule master n'kukhudzitsa mawaya akewo ku bolodi yanu, mudzamva fungo la kupsa. Ine zonsezi ndinazidziwa mochedwa, zinthu zitaonongeka kale.

Ndili ndi nyumba zisanu ndi imodzi za lendi pa poloti imodzi, mita ya kampani ya madzi ndi imodzi pageti. Mwezi uliwonse inali ndewu pogawana bilu. Uyu akuti ndimakhala ndekha, uyo akuti anzanga amachapa tsiku lililonse. Mu 2024, chaka cha chilala chija, malaiti akuzima tsiku lonse, madzi akubwera usiku okhaokha, mikangano inafika poipa. Ndiye kunabwera mnyamata wina wochokera ku Lusaka, wovala bwino, laputopu m'chikwama, akuti ndine katswiri wa ma smart meter. Anati ndikuikirani mita pa nyumba iliyonse, zonse pa waya umodzi, inu muzingoona pa foni kuti uyu wagwiritsa ntchito malita angati. Ndinagulitsa matumba a nshawa amene ndinasungira fetereza, ndinamupatsa. Anaika mamita asanu a mtundu umodzi, yachisanu ndi chimodzi anati yatha ku shopu, anabweretsa ya mtundu wina patapita sabata. Zonse anazitsekera m'timabokosi ta simenti pansi, n'kundiuza kuti musavutike n'kugwada mumatope abambo, manambala a pagalasi ndi achikale, zoona zake zili pa foni. Mawu amenewo ndi amene anandipha.

Mita yachisanu ndi chimodzi ija inapita pa nyumba ya amayi ena amasiye, a ana atatu, ogulitsa tomato ndi repu. Mwezi woyamba foni inaonetsa kuti agwiritsa ntchito malita opitirira 40,000. Anzawo onse anali pa 5,000, ena 7,000. Ndinawauza mwaulemu, iwo anati abambo ine sindidziwa, ndimatunga zigubu zanga zomwezija. Analipira ndithu, mochita kukongola. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Ndinamuimbira mnyamata uja, anandiyankha kuti makina sanama, mwina akugulitsa madzi usiku kwa aneba. Ndipo bilu ya kampani nayo inali itakweradi miyezi imeneyo, ndiye ine ndinati basi, wakuba ndamupeza.

Linali Loweruka mu Okutobala, dzuwa lija la ku Chipata loti ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa. Ndinabwera ndi bilu m'dzanja limodzi, foni m'dzanja linalo. Amayi aja anali pakhonde akusankha tomato m'dengu, wamng'ono ali kumsana, wina akusenda nshawa pambali. Alendi ena onse anali panja chifukwa m'nyumba simunkakhalika ndi kutentha. Sindinawaitanire pambali. Ndinaima pakati pa bwalo n'kukweza foni m'mwamba kuti aliyense aone, ndinati malita 42,000 mwezi umodzi, amenewa ndi madiramu 210, madiramu asanu ndi awiri tsiku lililonse, mukusambitsa njovu kodi? Wina anaseka. Mtsikana wa nyumba yachiwiri anati n'chifukwa chake bilu yatipweteka. Amayi aja sanakweze mawu. Anaika tomato pansi, analowa m'nyumba, anatuluka ndi zigubu zawo zachikasu za malita 20, anazindandalika patsogolo panga chimodzichimodzi, zinayi, china chong'ambika pakamwa chomangidwa ndi mphira. Anati, "Abambo, madzi anga ndi awa. Ndimadzaza usiku akabwera, mawa ndidzazenso zitatu. Ngati ndikuba, Mulungu akuona." Milomo ikunjenjemera. Mwana wamkulu uja anasiya nshawa n'kuyamba kulira osatulutsa mawu. Ine, m'malo mogwada n'kutsegula kabokosi kamene kanali mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima, ndinati mukalephera kulipira pofika pa 30 mupeze kwina. Sanadikire pa 30. Lachitatu m'mawa ndinapeza chitseko chili pululu, kiyi ali pawindo, anasamuka usiku ndi wilibala kupita kwa achibale ku Mchini.

M'nyumbamo munakhala mopanda munthu mwezi wonse wa Novembala, koma bilu ya kampani sinatsike ngakhale pang'ono. Apo m'pamene tulo tinayamba kundithawa.

Pa Khirisimasi kunabwera mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zamagetsi. Ndinamufotokozera, iye anati amalume tiyeni tiifunse mitayo tokha. Anali ndi ka USB M-Bus master kobwereka, anakalumikiza ku laputopu, anaika liwiro pa 2400 baud, 8 data bits, even parity, stop bit imodzi, mmene mamita ambiri a M-Bus amabwerera. Tinachotsa mita ya amayi aja pa waya wa zinzake kuti iyankhe yokha, chifukwa adiresi 254 imene tinkaitanira imaitana mita iliyonse ndipo zikakhala zambiri zimayankhira pamodzi. Anatumiza 10 40 FE 3E 16, mita inayankha E5, kutanthauza kuti ndamva. Kenako 10 5B FE 59 16, kuipempha manambala ake, ndipo inabweza mzere wautali woyamba ndi 68. Anayendetsa chala pa sikirini mpaka anaima pa malo awa: 0C 13 63 25 01 00. Anati amalume onani. 0C ikuti manambala asanu ndi atatu akubwera. 13 ikuti muyeso wake ndi lita imodzi. Zotsalazo mumawerenga chobwerera, kuyambira kumapeto, ndiye 00 01 25 63, malita 12,563. Chiikireni mitayo, miyezi itatu yonse, amayi aja anagwiritsa ntchito malita 12,563 basi. Tinafunsa mamita asanu enawo, onse pamalo pa 13 anali ndi 14, kutanthauza kuti iwo amawerenga m'malita khumikhumi. Katswiri wathu uja analemba pulogalamu yake kuti nambala iliyonse yobwera aichulukitse ka 10, osayang'ana n'komwe kachizindikiro kamene mita yokha imatumiza konena muyeso wake. Kwa asanuwo zinkatuluka bwino. Kwa amayi aja 4,200 inkasanduka 42,000.

Ndinatenga khasu n'kufukula kabokosi kaja, ndinapukuta galasi ndi malaya anga. Manambala akuda 00012, ofiira 563. Zinali pamenepo nthawi yonseyi. Malita 140 patsiku, zigubu zisanu ndi ziwiri, ndendende zimene ananena pabwalo paja. Ndinakhala pansi m'matopemo.

Nanga bilu inkakwera chifukwa chiyani? Tinatseka mipopi yonse usiku madzi atabwera, n'kukaunika mita ya pageti ndi tochi, kanyenyezi kakang'ono ka pagalasi, kamene kamayenda madzi akamadutsa, kakungozungulira. Inali ball valve ya thanki yapamwamba, imene imatseka madzi thanki ikadzaza, inali itafa, thanki ikadzaza cha m'ma 2 koloko usiku madzi ankasefukira kuseri kwa mpanda mpaka m'mawa, ife tili mtulo. Ndipo thankiyo inali yolumikizidwa pa paipi madzi asanafike pa mamita a mnyamata uja, ndiye palibe mita yake imene inkaona. Akanangophatikiza mamita asanu ndi imodziwo n'kuyerekeza ndi ya pageti, akanaona tsiku loyamba kuti nkhani sikugwirizana. Munthu wodzitcha katswiri osachita ngakhale samu ya Grade 5!

Ndikamuganizira mnyamata ameneyu magazi amawira. Ndinamutumizira chithunzi cha galasi ndi cha mzere wa manambala uja pa WhatsApp. Anawerenga, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, osayankha. Nditaimba anati imeneyo ndi nkhani ya configuration, mutumize ya transport ndibwere ndidzakonze. Ya transport! Munthu wasamutsa banja la ana atatu, ndipo akufuna ndimulipirenso basi yochokera ku Lusaka. Pepani sanandiuze ngakhale kamodzi. Pasiwedi ya pulogalamu yake anakana kundipatsa, akuti ndi nzeru zake. Lero nambala yake siipezeka, koma ndikumva kuti akuikabe mamita m'mapoloti a anthu. Anthu otere amadziwa kuti ife tikaona manambala pa foni timaopa kutsutsa, timaona ngati tikatsutsa tioneka osaphunzira. Komabe pabwalo paja sanaime iye, ndinaima ine, ndipo pakamwa panali panga.

Ndinapita ku Mchini ndi ndalama zonse zimene analipira mopitirira, ndinaonjezapo ya miyezi iwiri ya lendi. Ndinapita ndi akazi anga chifukwa ndekha sindikanatha. Amayi aja anatilandira, anatipatsa mpando, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndalama analandira ndi manja awiri. Nditati nyumba ija ikadali yopanda munthu, bwererani, anapukusa mutu. Anati ana anga anamva anthu akuwatcha ana a wakuba madzi, sangakaseweretso pabwalo limene lija. Madzi akatayika saoleka, achimwene. Ndinasonkhanitsa alendi onse n'kuwauza poyera kuti wolakwa ndinali ine, koma mwini wake woyenera kumva mawuwo panalibe.

Ndiye inu mukufuna kuwerenga pa mawayawo, ine ndinganene kuti zisiyeni. Gulani kabuku ka 32 pages, pa 1 mwezi uliwonse mugwade, mupukute galasi, mulembe manambala akuda, mujambulenso ndi foni wokhala m'nyumbamo ali pomwepo akuona. Nambala yakuda imodzi ndi malita 1,000, madiramu asanu. Palibe pulogalamu imene ingakunamizeni pamenepo. Ndipo ngati mita imeneyo ndi ya kampani, ya pageti, yokhala ndi seal, musaikhudze n'komwe, si yanu, mukadula kawaya ka seal adzakulipiritsani ngati wakuba madzi ngakhale munali ndi mtima wabwino. Mukaona kuti bilu sikugwirizana ndi galasi, pitani ku ofesi ndi zithunzi zanu mukapemphe kuti adzaiyeze, akakuzungulitsani nkhani mukaitule ku NWASCO, ndiwo amayang'anira makampani a madzi m'Zambia muno. Zija za prepaid zolowetsa token ya manambala 20 nazonso musalimbane nazo, kabokosi ka m'nyumba kamakuonetsani kale zotsala.

Koma kunena zoona, pakanapanda mwana wa mlongo wanga uja kuifunsa mita pa waya, sindikanadziwa kuti vuto linali 13 ndi 14, ndikanangoti mita ndi yakufa n'kugula ina, mnyamata uja n'kudyanso ndalama zanga. Ndipo pano ndi waya womwewo umene umandiuza madzi akamayenda 3 koloko usiku aliyense ali mtulo, zimene kabuku sikangakuuzeni. Ndiye ngati mitayo ndi yanu, yogula nokha, phunzirani kuiwerenga nokha, musapatse munthu. Pezani master yeniyeni, pa laputopu ikani pulogalamu ya libmbus, ndi yaulere ndipo imamasulira yokha muyeso uja. Mawaya a M-Bus alibe kuti uyu ndi plus uyu ndi minus, mungawatembenuze mmene mufunira. Mita iliyonse muipatse adiresi yakeyake pakati pa 1 ndi 250, chifukwa zatsopano zambiri zimabwera zili pa 0, mukaziika pa waya umodzi zonse zimayankha nthawi imodzi. Mukaona A ndi B pa mawaya, imeneyo ndi RS-485, nthawi zambiri Modbus, ndi nkhani ina ndipo pafunika pepala la wopanga lonena register, malo a m'mitamo, imene muli malita. Ikakhala ya pulse, kumbukirani kuti malaiti akapita Arduino imasiya kuwerenga pamene madzi akudutsabe, ndiye muiike pa batire, komanso ka switch kaja kamadumphadumpha, mukapanda kuika debounce, njira yonyalanyaza kudumphadumphako, pulse imodzi idzawerengedwa kawiri kapena katatu, n'kupezanso wina womunamizira.

Musanauze munthu aliyense nambala yochokera pa sikirini, tengani chigubu cha malita 20, mudzaze kasanu pa mpopi wa nyumba imeneyo, muone ngati sikirini yakwera ndi 100 ndipo galasi lakweranso ndi 100. Chitani zimenezi pa mita iliyonse payokha, osati imodzi n'kuganiza kuti zinzake zili chimodzimodzi.

Chithunzi mwaikacho chikungoonetsa mawaya, nkhope ya mita yabisika ndi dothi. Pukutani mujambulenso pafupi, zilembo zonse zioneke, makamaka za m'munsi mwa manambala ofiira, muike pompano. Mwana wa mlongo wanga ali mu gulu lomwe lino, ndimuuza aone usiku uno malaiti akabwera.