Kodi chuma ndi umboni woti Mulungu akukondwera nawe?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwakhala mukupemphera ndi kupereka chakhumi kwa zaka zambiri koma bizinesi yanu ikungolowa pansi, pomwe mnzanu amene sapondako n'komwe kutchalitchi zake zili myaa, ndiye mukufunsa ngati chuma ndi chizindikiro choti Mulungu akukondwera ndi munthu. Ndaona ena akukuuzani kuti muonjezere chikhulupiriro, ena akuti mwina pali tchimo lomwe mukubisa. Ine ndikuti ayi. Chuma chikhoza kukhala mphatso ya Mulungu, koma si sikelo yoyezera mmene Iye akukuonerani.

Onena za tchimo lobisikawo si oyamba. Yobu anali ndi nkhosa 7,000, ngamila 3,000 ndi ana 10, zonsezi n'kutha tsiku limodzi. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anakhala naye masiku 7 ali chete, ndipo pamenepo ndi pomwe anachita bwino. Atangotsegula pakamwa anayamba kumupanikiza kuti aulule chomwe analakwa, poti kwa iwo wolungama sangavutike chonchi. Mukafika pa Yobu 42:7, Mulungu akukwiyira Elifazi ndi anzake aja chifukwa sananene zoona za Iye. Masamu awo, akuti wolemera ndi wolungama ndipo wosauka ndi wochimwa, Mulungu anawakana yekha.

Sindikukana kuti Baibulo limanena za madalitso ooneka ndi maso. Abrahamu anali mpondamatiki, wa ziweto, siliva ndi golide. Deuteronomo 28 ili ndi madalitso a m'munda ndi m'khola, ngakhale tizikumbukira kuti linali pangano la mtundu wonse wa Israele pa dziko lomwe ankakalowamo. Yosefe wa ku Arimateya, amene anapereka manda ake kwa Yesu, anali wachuma. Lidiya ankagulitsa nsalu zodula. Palibe amene anawadzudzula chifukwa chokhala nazo.

Koma taonani nkhani ya Yosefe mwana wa Yakobo. Mawu akuti Yehova anali naye akupezeka pa Genesis 39, poyamba ali kapolo m'nyumba ya Potifara, kenako ali m'ndende pa mlandu womunamizira. Tiyerekeze kuti mwamuchezera kundende kuja. Mukanaona chiyani chokuuzani kuti uyu ndi wokondedwa wa Mulungu? Analibe ufulu, analibe chuma, abale ake enieni ndiwo anamugulitsa. Ife timakonda kuthamangira kumapeto, pomwe wavala mphete ya Farao, n'kuiwala kuti anagulitsidwa ali ndi zaka 17 ndipo anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Zaka 13 zonsezo, munthu woyeza ndi maso akanati Mulungu wamutaya.

Za mnzanu amene sapemphera uja, Yesu anayankha kale pa Mateyu 5:45, kuti dzuwa limawalira oipa ndi abwino, mvula imagwera olungama ndi osalungama. Asafu, pa Salimo 73, anavomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa iye akuvutika tsiku ndi tsiku. Choncho nsanje mukuimvayo si yachilendo, inalembedwa ngakhale m'buku la nyimbo zopembedzera. Komanso tisafulumire kumuweruza mnzanuyo, mwina amangodziwa kusunga makasitomala.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi makalata a ku mipingo ya m'buku la Chivumbulutso. Laodikaya unali mzinda wolemera zedi. Chivomezi chitauphwanya cha m'ma 60 A.D., wolemba mbiri wa Chiroma, Tacitus, anati anthu ake anaumanganso ndi chuma chawo popanda thandizo la Roma. Mpingo wa kumeneko unkadzitama kuti ndi wolemera, susowa kanthu, koma Yesu anauuza kuti ndi wosauka, wakhungu ndi wamaliseche. Mpingo wa ku Smurna unali pa umphawi ndi mazunzo, ndipo anauuza kuti ndi wolemera. Akanakhala lero, tonse tikudziwa mpingo womwe ukanadzaza anthu ofuna kudziwa chinsinsi chake.

Chiphunzitso chakuti wokhulupirira ayenera kulemera, m'maonekedwe omwe tikuchidziwira masiku ano, sichakale ayi. Chinakula ku America nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kudzera mwa alaliki monga Oral Roberts, amene anatchukitsa nkhani yobzala mbewu ya chikhulupiriro, ndi Kenneth Hagin, onse a ku Tulsa. Vesi lomwe Roberts ankalikonda ndi 3 Yohane 2, koma mukaliwerenga pamalo pake mupeza kuti ndi moni wa m'kalata yopita kwa munthu wina dzina lake Gayo, womufunira moyo wabwino monga timachitira tonse polemberana. Afilipi 4:13 nayo, yoti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu, Paulo anailemba ali m'ndende, ndipo vesi la pamwamba pake likunena kuti anaphunzira kukhuta ndi kumva njala komwe. Paulo yemweyu anakwapulidwa kasanu zikoti 39, chombo chinamuswekera katatu. Ndipo pa 1 Timoteo 6:5 akuchenjeza za anthu oyesa chipembedzo ngati njira yopezera phindu.

Chiphunzitso chimenechi chimakoma ukakhala kuti zikukuyendera. Tsiku lomwe ntchito yatha kapena mwana wadwala, chimakutembenukira n'kukuuza kuti vuto ndi iwe, ndipo munthu amasenza mitolo iwiri, umphawi ndi manyazi. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wakhungu kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Yesu anati palibe. Za anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa koposa ena onse a mu Yerusalemu.

Ndikudziwa wina andiyankha kuti Yobu anabwezeredwa kawiri. N'zoona, nkhosa zinafika 14,000. Koma Mulungu anamutchula mtumiki wake asanamubwezere kalikonse, akadali ndi zilonda thupi lonse, ndipo anauza anzake aja kuti apite kwa iyeyo akawapempherere.

Za bizinesiyo, achimwene, pempherani ndithu, koma khalaninso pansi ndi munthu wodziwa kuwerengera ndalama muone mabuku anu. Nthawi zambiri chimagwetsa bizinesi ndi ngongole zomwe anthu sabweza, kusakaniza ndalama za mpamba ndi za pakhomo, kapena katundu amene wasiya kuyenda malonda. Ndipo wina akakuuzani kuti mukongole ndalama yobzalira mbewu kuti zitseguke, mukane.