Mkota wonenepa, tiana topinimbira m'khola limodzi

Achimwene a ku Ngabu, mwafunsa kuti bwanji mkota wanu ndi wonenepa chonsecho simunaupatsepo mankhwala, pomwe tiana take tikutsokomola n'kumapinimbira, ndipo kamene munapha kanali ndi madontho oyera pachiwindi. Ine ndikukayikira njoka za m'mimba, zazitali zoyererako zija, zimene madokotala a ziweto amati Ascaris suum.

Mwana wa nkhumba akamafukula dothi amameza mazira a njokazi. Timphutsi tikaswa sitikhala m'matumbo ayi. Timaboola n'kupita kuchiwindi, pakatha pafupifupi sabata tili m'mapapo, n'chifukwa chake chifuwacho. Kenako timakwera kukhosi, nkhumba n'kutimezanso. Madontho munawaonawo ndi zipsera za nkhondo: chitetezo cha m'thupi chimathamangira paliponse pamene kamphutsi kadutsa. Amazimiririka okha pakatha mwezi ndi masiku, ndiye mukawapeza dziwani kuti nkhumbayo yameza mazira posachedwapa.

Chimene chimandigometsa ine ndi ichi. Timphutsi tikabwerera m'matumbo, pakati pa tsiku la 14 ndi la 21 chimezereni mazira, matumbo amachulutsa chinyezi choterera ngati therere, n'kumafinya mwamphamvu mpaka tambiri timatuluka ndi ndowe tisanakule. Nkhumba imene yakhala ikumeza mazira pang'onopang'ono kwa miyezi imafika poti timphutsi tambiri timafera pakhoma la matumbo, kuchiwindi osafika n'komwe. Mkota wanu unadutsa kale m'zimenezi. Tiana tikungoyamba kumene, ndipo gaga amene mukutipatsa akuthera kunkhondoyo m'malo momanga mnofu.

Koma mkotawo musautame kwambiri. Ukhoza kusunga njoka zochepa, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira oposa 100,000 pa tsiku. Mazirawo amamata kumawere ndipo m'dothi lachinyontho amakhala zaka. Dzuwa lathu la Okutobala limapha amene ali pamtetete, koma pansi pa chomwera madzi, pamatope pomwe zimagona pothawa kutentha, ali phee. Kwathu ku Bangula madzi atasefukira mu 2023 ndinabwezera nkhumba m'khola lakale osachotsa matope, ndipo tiana tonse tinatupa mimba, ubweya nyankhalala.

Mkota upatseni mankhwala kutatsala sabata kapena awiri kuti uswe, muusambitse mimba ndi mawere ndi sopo, uswere pamalo poyera, pa simenti ngati thumba likulola. Tiana tipatseni tikaleka kuyamwa, n'kudzabwereza pakatha miyezi iwiri, poti njoka imayamba kuikira pakatha masabata 6 mpaka 8. Ivermectin kapena levamisole amagwira, koma mlingo afotokoze ndi alangizi a ziweto malinga ndi kulemera kwa nkhumba. Ndowe zizichoka tsiku ndi tsiku, chifukwa dzira limafuna masabata angapo panja kuti liyambe kupatsira.

Zikayamba kufa motsatizana, zazikulu zomwe, makutu atafiira, musalimbane ndi njoka. Chimenecho chingakhale chigodola, itanani alangizi tsiku lomwelo.