Agapanthus akungobiriwira koma sakuchita maluwa: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti zaka ziwiri zapitazo mnzawo anawagawira mbande za agapanthus, anazidzala pansi pa mtengo wa mango, amathirira tsiku ndi tsiku, ndipo nyengo yothira feteleza ikafika amatapako urea wa chimanga n'kuwaza pamaluwapo. Masamba ali biriwiri, koma duwa ndi limodzi lomwe silinatuluke. Funso lawo ndi lakuti: azule ataye, kapena adikirebe?

Mayi, musataye ayi. Chomera chanucho chili bwinobwino, kungoti mukuchisamala mopitirira muyeso, ndiponso pamalo osayenera.

Vuto lalikulu ndi mangowo. Agapanthus kwawo ndi ku South Africa, ndipo kuti atulutse phesi lalitali lija, lokhala ndi mpukutu wa timaluwa ta kamtambo kapena toyera kunsonga, amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Mthunzi wa mango ndi wothithikana chaka chonse, ndipo mizu yake imalanda madzi. Pamalo otero chomerachi sichifa, chimangobala masamba. Kwanu ku Zomba kumazizirirako, ndiye musaope kuchiika pamtetete. Anthu a kotentha ngati ku Nsanje kapena ku Mangochi ndi amene ayenera kuchipezera mthunzi wa masana.

Urea uja musiyeni apite ku chimanga. Mwa magawo 100 alionse a fetelezayu, 46 ndi nayitulojeni, ndipo ntchito ya nayitulojeni ndi kukulitsa masamba. Manyowa owola bwino kamodzi pa chaka, ndi phulusa la nkhuni lodzaza dzanja limodzi pa phata lililonse, zakwana.

Kusamutsa ndiye kofunika kufatsa. Dikirani March kapena April, mvula ikamapita kumapeto dothi likadali lonyowa. Kumbani patali ndi tsinde kuti muzule phata lonse. Mudzaona mizu yoyera, yonenepa ngati chala cha mwana, yopotanapotana. M'menemo ndi mosungira madzi, n'chifukwa chake chomerachi chimapirira chilimwe chonse. Kuthirira kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Madzi akamadikha, mizu yomweyo imawola. Ngati dothi lanu ndi lamakande, sakanizani mchenga ndipo mukweze bedi pang'ono. Podzala musakwirire mozama, khosi la chomera lingobisika pang'ono, ndipo pakati pa mapata musiye masentimita 50.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musaligawe phatalo tizidutswatizidutswa pofuna kudzaza bedi msanga. Ine ndinachitapo zimenezi ndi phata la pakhonde panga: ndinalidula ndi chikwanje m'magawo ang'onoang'ono, ndipo nyengo ziwiri zinadutsa osaona duwa. Agapanthus amakonda kuthinana, ndipo akasokonezedwa amayamba wakhazikitsa kaye mizu. Choncho mukasamutsa, mwina chaka choyambacho sadzachita maluwa. Musadzamuzulenso. Kugawa n'kwa kamodzi pa zaka 4 kapena 5, ndipo gawo lililonse likhale ndi mphukira zingapo.

Nkhono zimakonda kubisala m'munsi mwa masambawo nthawi ya dzinja. Muzizitola madzulo kapena m'mamawa. Masamba akathyoka amatuluka madzi oterera amene ena amawayabwa pakhungu, ndiye musambe m'manja mukamaliza, ndipo ana asamatafune.

Kuno kum'mwera kwa Africa maluwa ake amaonekera kwambiri kuyambira November mpaka January. Chizindikiro choyamba ndi kaphesi kotuluka pakati pa masamba, kansonga kotupa ngati mutu wa mkondo. Maluwa akafota, dulani phesilo m'munsi kuti mphamvu isathere kunjere. Ngati mukufuna kufesa, siyani phesi limodzi liume mpaka njere zakuda zopyapyala ziyambe kuyoyoka, koma dziwani kuti zofesa zimatenga zaka 3 kapena 4 zisanachite maluwa.

Kaphesi koyamba kakadzatuluka, mudzandijambulire, mayi, ndidzakaone.